Mwambo wokumbukira abusa amene anatisiya: tiyambire pati, nanga ndalama zipite kuti?

Mlembi_wa_mpingo, Ntcheu

Moni nonse muno. Mpingo wathu wa Baptist kuno kumtunda kwa Ntcheu unataya abusa ake chaka chatha mvula itangoyamba. Anatumikira zaka zoposa 30, ndipo ntchito yawo sinathere pa guwa: ankaphunzitsa anyamata ukalipentala kuseri kwa tchalitchi, ankalangiza mabanja, ndiponso ana ambiri amene lero ndi aphunzitsi ndi anamwino anapitiriza sukulu chifukwa cha khama lawo. Anaikidwa kumanda a kumudzi kwawo, osati pa tchalitchi. Amayi busa alipo, akukhalabe m'nyumba ya mpingo.

Msonkhano wa mpingo wagwirizana kuti tichite mwambo wowakumbukira, koma tikakhala pansi aliyense akukokera kwake. Ena akufuna chiliza cha mwala wonyezimira, achinyamata akufuna kabuku ka mbiri yawo, amayi akuti chakudya chiyambe chifukwa kudzabwera anthu mwina 300, pamene amene anadutsa m'manja mwa malemuwa, omwe tsopano ali m'tauni, akuti tikhazikitse thumba lothandiza ana. Ndalama sizingakwane zonsezi. Inu odziwa, choyamba nchiyani? Mbiri timaitolera bwanji kuti isakhale yongotamanda? Chiliza chimadya zipangizo zochuluka bwanji? Nanga tipewe ziti kuti tisalakwire abale kapena amfumu?

Mkulu_wa_ku_Linthipe

Pepani ndi maliro, a mlembi. Musanakambe za simenti kapena mbuzi, dziwani kuti malemuwo anali abusa anu koma manda si anu. Manda ali m'manja mwa anyakwawa a mudziwo, ndipo maliro ndi a akubanja. Mipingo yambiri imapunthwa pomwepa: komiti imamaliza zonse, tsiku yaika, mmisiri yamupatsa kale yachikole, kenako nkupita kukangodziwitsa abale. Abale akamva motero amati mwawalanda maliro, ndiye mwambo umayamba ndi mlandu pabwalo.

Tumani anthu awiri kapena atatu, mdikoni wamkulu ndi mayi mmodzi wa Umodzi wa Amayi asasowepo, akayambire kwa amayi busa ndi ana. Akachoka kumeneko apite kwa mwini mbumba wa kwawo kwa malemuwo, kaya ndi malume awo, mkulu wawo kapena mphwawo. Kuno kwathu kumene ambiri timatsata kuchikazi, mawu a mwini mbumba pa nkhani ya chiliza amalemera kuposa a ana obereka, ngakhale anawo ndi amene ali ndi ndalama. Ku Ntcheuko mabanja ena a Chingoni amatsata kuchimuna, choncho musaganizire, funsani amayi busa kuti mwini nkhani ndani. Mwini mbumbayo ndiye amakagogoda kwa amfumu, inu a mpingo mumangomuperekeza. Chimene amanyamula popita kumeneko, kaya ndi nkhuku kapena kandalama, chimasiyana mudzi ndi mudzi, ndipo iye akuchidziwa.

Chinanso, m'midzi yambiri ya ku Dedza ndi ina ya ku Ntcheu manda amakhalanso dambwe. Simungangolowetsamo mmisiri ndi wilibala yake tsiku limene mwafuna. Amfumu amaika tsiku, natuma adzukulu kuti atsogolere. Mtengo wa kumanda sadula popanda chilolezo, ngakhale mizu yake ikusokoneza maziko. Akhristu ena amanyalanyaza zimenezi poti sizikuwakhudza, koma akubanja ndi amene amatsala m'mudzimo inu mutabwerera.

Dzina la mwambo mulisamale. Ife a Baptist sitipempherera akufa ndipo sitikhulupirira kuti mwambo wathu ungasinthe kumene munthu ali. Choncho m'kalata ndi pa ndondomeko lembani kuti ndi mwambo wothokoza Mulungu chifukwa cha moyo ndi utumiki wa abusawo. Abale ena osapemphera nafe angafune bona, ndi mowa wake. Nkhani imeneyi ikambidwe poyera pa ulendo woyamba womwewo, osati kudzazindukira migolo yafika dzulo la mwambo. Kawirikawiri amagwirizana kuti za mpingo zikhale tsiku lakelake, ndipo ndalama za mpingo zisalowe ku zinazo.

Za tsiku: dikirani dzinja lathunthu lidutse pa mandapo, a zomangamanga akuuzani chifukwa chake. Juni ndi Julayi anthu amakhala ndi chakudya, koma kumtunda kumazizira moti agogo sangapirire maola atatu pansi pa tenti. Ogasiti ndi Sepitembala ndiyo miyezi yabwino, bola muyang'ane kuti musagundane ndi Umhlangano wa Angoni a kwa Gomani kapena Kulamba ku Katete, poti mafumu amene mukufuna kuwaitana amapita kumeneko. Mukafika Novembala ndalama za aliyense zimakhala zapita ku feteleza. Sankhani Loweruka lomwe si la msika waukulu wa dera lanu.

Poti mu Baptist msonkhano wa mpingo ndiwo umagamula, chilichonse chimene mwagwirizana chilowe m'maminitsi: komiti ndani, malire a ndalama ndi ati. Ku asosiyeshoni ndi ku likulu lembani kalata miyezi itatu isanakwane tsikulo, apo ayi mlaliki amene mukumufuna mudzapeza ali kale ndi kwina.

Mphunzitsi_wopuma, Dedza boma

Ine ndiima ndi achinyamatawo. Pa zonse zimene mwatchula, mbiri ndiyo singadikire, chifukwa amene akuidziwa ndi okalamba. Chiliza mungamange chaka chamawa osataya kanthu, koma gogo amene anaona abusawo akubatizidwa mwina chaka chamawa sadzakhalapo.

Yambani ndi zolembedwa, anthu pambuyo. Sonkhanitsani buku la ubatizo, kaundula wa maukwati, mabuku a maminitsi, satifiketi ya kudzozedwa kwawo, za kusukulu ya Baibulo, makalata, ndi makope amene ankalembamo maulaliki. Pemphani amayi busa akuonetseni Baibulo la malemuwo, poti abusa akale ankalemba masiku obadwa a ana ndi a misonkhano pa masamba oyambirira. Kuchokera m'zimenezi lembani pepala limodzi la zaka: kubadwa, ubatizo ndi mtsinje umene anamizidwamo, ukwati, maphunziro, kudzozedwa, mipingo imene anadzala kapena kuweta, kumwalira. Chaka chilichonse chikhale ndi umboni wake pambali. Ngati anaphunzira ku seminale ya Baptist ku Lilongwe, alembereni akutsimikizireni zaka. Zakale kwambiri zokhudza mamishoni zimapezeka ku National Archives ku Zomba.

Mukamafunsa anthu, musawasonkhanitse pamodzi. Pagulu amalankhula ndi mkulu mmodzi, ena nkumangovomera. Pitani kwa mmodzimmodzi, amayi akafunsidwe ndi amayi anzawo, ndipo kucheza kusapitirire ola limodzi. Anthu 12 mpaka 15 akwana, koma asakhale a mu mpingo okhaokha: pakhale amfumu, mphunzitsi wa pasukulu yoyandikana, mtsogoleri wa mpingo wina, mmodzi mwa anyamata a ukalipentala aja, ndiponso wina amene anasemphanapo nawo maganizo. Funso loti “abusa anali munthu wotani” silibala kanthu, aliyense adzati anali wabwino, wokonda anthu. Funsani kuti anakumana nawo koyamba kuti, tsikulo anachita chiyani, mawu amene ankakonda kubwereza ndi ati, pa benchi ya ukalipentala ankayamba kuphunzitsa chiyani, mnyamata akaononga thabwa ankatani. Mayankho a mafunso otere ndiwo amamubweza munthu m'maso mwa owerenga.

Okalamba samagwira zaka, amagwira zochitika. Akati “kalekale”, afunseni ngati inali isanafike njala ya 1949, ufulu wa 1964, riferendamu ya 1993, sukulu yaulere ya 1994 kapena njala ya 2002. Kwa ife a m'malire kuli chizindikiro china chachikulu: nthawi ya othawa nkhondo a ku Mozambique amene anadzaza midzi ya Dedza ndi Ntcheu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nayamba kubwerera nkhondo itatha mu 1992. Mbusa amene anatumikira zaka 30 kudera lanulo mwina ali ndi mbali pa nkhani imeneyo, ndipo ena amene anawabatiza angakhale ali tsidya lina, ku Angonia. Funsani.

Jambulani mawu pa foni, koma yambani mwapempha chilolezo, ndipo chilolezocho chimveke m'zojambulazo pamodzi ndi tsiku ndi malo. Foni muiike pa flight mode kuti wina asaimbe nkudula, muigoneke pa nsalu pafupi ndi wolankhula, kutali ndi mphepo ndi wailesi. Tsiku lomwelo tumizani zojambulazo ku foni ina kapena kompyuta. Mbiri zambiri zatayika chifukwa zonse zinali mu foni imodzi imene inabedwa kapena kugwera m'madzi.

Zithunzi zakale musazimate pulasitiki wotenthetsa uja, kutentha kumaziwononga ndipo simungazichotsemonso. Kazichititseni sikani pa 300 dpi, tating'ono pa 600, ndipo musagwiritse ntchito zimene zadutsa pa WhatsApp chifukwa zimafika zitachepetsedwa, pa pepala zimatuluka zosaoneka nkhope. Kuseri kwa chithunzi lembani maina ndi pensulo, bolopeni imaboola. Bwezani chilichonse kwa mwini wake, mutalemba m'kope kuti mwabwereka chiyani kwa yani.

Pa mbiri ya mpingo samalani, chifukwa timabuku tambiri timasakaniza. Baptist m'Malawi si umodzi: kuli Baptist Convention, African Baptist Assembly ya ku PIM (Providence Industrial Mission), Evangelical Baptist, Seventh Day Baptist ndi ena. PIM anaiyambitsa John Chilembwe ku Mbombwe ku Chiradzulu mu 1900, inatsekedwa nkhondo ya 1915 itachitika, ndipo Dr Daniel Malekebu anaitsegulanso mu 1926. Convention inachokera ku ntchito ya amishoni a Southern Baptist a ku America amene anafika cha m'ma 1960, ndipo inakhazikitsidwa mu 1970. Gowa ya ku Ntcheuko inayamba m'zaka za m'ma 1890 ndi Baptist Industrial Mission ya ku Scotland, koma pambuyo pake inapita m'manja mwa Churches of Christ. Ntonda, Chiole ndi Dombole ndi za mishoni ya Zambezi Industrial Mission. Ndiye musalembe kuti mpingo wanu unachokera ku Gowa kapena kwa Chilembwe pongoona dzina la Baptist. Tsatani mzere wanu weniweni: anabatiza abusawo ndani, iyeyo anatumidwa ndi yani.

Pali zina zosalemba. Munthu amene ankalangiza mabanja anasunga zinsinsi zambiri, ndipo kumwalira kwake sikukupatsani ufulu woziulula. Dzina la aliyense amene anathandizidwa pa ukwati, matenda kapena ngongole lisalowe popanda iye mwini kuvomera. Matenda amene anawatenga abusawo ndi nkhani ya akubanja. Koma ngati mpingo unagawikanapo m'nthawi yawo, musachite ngati sizinachitike, nenani m'ziganizo ziwiri zopanda kuloza chala, chifukwa owerenga akulu akudziwa, ndipo akaona mwabisa amakayikira kabuku konse.

Kukula kwake: A5, kutanthauza pepala la A4 lopindidwa pakati, ndiye masamba ayenera kukhala 16, 20 kapena 24, nambala yogawika ndi 4. Amayi busa ndi mwini mbumba awerengeredwe zonse musanapite kosindikiza.

Mmisiri_wa_pa_Kampepuza

Za chiliza ndiyankhe ine. A ku Linthipe anena zoona kuti mudikire. Dothi limene adzukulu anabwezera m'dzenje limakhala lofewa, ndipo limatitimira mvula ikalowamo, bokosi nalonso likayamba kufooka pansi. Poti abusawo anaikidwa mvula ikuyamba, dzinja limodzi ladutsapo, mungathe kumanga chilimwe chino. Mukapeza pakati palowa, thirani dothi lina pang'onopang'ono mukuwaza madzi, masabata awiri musanayambe.

Ziliza zosweka zimene mumaziona m'manda zambiri vuto lake ndi limodzi: maziko anakhala pa dothi la m'dzenje. Itanani mdzukulu amene anakumba akulozereni pamene dzenje linathera ndi mbali imene kuli mutu. Maziko akumbidwe kunja kwa malire amenewo, pa nthaka imene sinakhudzidwe. Kuya kwake masentimita 40 mpaka 45, m'lifupi 30. Pansi thirani konkire yokhuthala masentimita 15, kenako njerwa.

Pa chiliza cha munthu wamkulu, cha mamita 2.4 m'litali ndi 1.2 m'lifupi, werengerani matumba 7 kapena 8 a simenti a makilogalamu 50: awiri a maziko, awiri omangira njerwa, awiri a silabu ya pamwamba, limodzi la pulasitala, lotsalalo la mutu wa chiliza. Njerwa zootcha bwino pafupifupi 600 ngati khoma ndi la njerwa ziwiri. Silabu ikhale yokhuthala masentimita 10, muyezo wake 1:2:4, kunena kuti thumba limodzi la simenti, wilibala imodzi ya mchenga, mawilibala awiri a miyala ya kwale. Matope omangira njerwa 1:5 kapena 1:6, muyezo umodzi wa simenti pa miyezo 5 kapena 6 ya mchenga. Mchenga wa konkire ukhale wa kumtsinje, wokhakhala. Muufinye m'manja uli wonyowa: ukadetsa chikhatho ndi matope, uli ndi dothi ndipo konkire yake idzafumbutuka.

Zitsulo musazisiye. Silabu imeneyi iyenera kudzigwira yokha pa makoma dothi la pansi likadzatsika. Gulani zitsulo za Y10, zokhuthala mamilimita 10, zitatu za mamita 12, muzidule nkuziluka motalikirana masentimita 20 mbali zonse, muzimange ndi waya. Zisagone pansi, ikani timiyala pansi pake kuti konkire ilowe masentimita atatu kunsi kwa chitsulo, apo ayi zimachita dzimbiri nkuswa silabu kuchokera mkati. Pamwamba papendekeke pang'ono kuti madzi asadikhe.

Chimene anthu amachinyozera kwambiri ndi madzi. Pokanda amathira ambiri kuti fosholo ipepuke, konkire nkufooka. Akamaliza sathiriranso poti mjigo uli kutali. Konkire imafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo masiku 7 osadumphitsa, itafunditsidwa masaka onyowa kapena udzu, ndipo mphamvu yake imakwana pa masiku 28. Ndiye ntchito ithe mwezi wathunthu tsiku la mwambo lisanafike, ndipo pa bajeti muikepo wotunga madzi, amfumu atadziwa kuti azilowa kumandako sabata yonse. Zomanga Lachinayi kuti muvundukule Loweruka zimabala chiliza cha ming'alu chaka chisanathe.

Mwala wa granite ndi wokhalitsa, sindikana, koma mtengo wake ndi mayendedwe kuchokera ku Lilongwe kapena Blantyre zingameze ndalama za kabuku ndi thumba lija pamodzi. Njira yapakati ndi iyi: thupi la chiliza likhale la njerwa ndi konkire kapena terazo, granite ikhale kachidutswa ka pamutu kolembapo mawu, ka masentimita 40 kwa 60. Matailosi a m'nyumba musaike panja, dzuwa ndi mvula zimawasendeza.

Mlembi_wa_mpingo, Ntcheu

Zikomo kwambiri nonse, tayamba kuona kolowera. Zatsala ziwiri. Chakudya cha anthu 300 tiwerengere bwanji kuti chisaperewere komanso chisatayike? Ndiye pali nkhani imene komiti ikuizemba: abusa atsopano akuyembekezeka, nyumba ya mpingo ndi imodzi yomweyo, amayi busa ali momwemo. Ena akuti tikambe mwambo ukatha.

Mayi_wa_Umodzi, Lizulu

A mlembi, ya amayi busayo musaisiyire kumapeto. Kumanga chiliza chokongola pamene mayiwo sakudziwa kumene adzagone mvula ikubwerayi nkuchititsa manyazi malemu amene mukuti mukuwalemekezawo. Anthu adzaimba, adzadya, adzapita, ndipo sabata yotsatira wina adzatumidwa kukapempha makiyi. Khalani nawo pansi tsopano, pamodzi ndi ana ndi abale a mbali zonse ziwiri, mumve kumene iwo akufuna kukakhala, kwawo kapena kumudzi kwa malemu kapena kwa mwana. Muwapatse nthawi yolembedwa m'maminitsi, ndipo isathere pakati pa dzinja kapena asanakolole munda umene analima. Ngati kwawo kulibe nyumba yabwino, malata ndi zitseko zilowe mu bajeti yomweyi, patsogolo pa granite. Anyamata amene anaphunzira ukalipentala aja apatseni ntchito imeneyo.

Mulekanitsenso katundu. Lembani mndandanda wa za mpingo ndi za banja pamaso pa mboni: njinga, mipando, mabuku, zipangizo za ukalipentala. Zimene anagula ndi ndalama zawo ndi za amayi ndi ana. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, kaya wolandayo ndi m'bale kapena komiti ya mpingo. Ngati satifiketi ya imfa ya ku NRB, ofesi ya kalembera wa unzika, sinatengedwe, athandizeni kuitenga ku boma, poti ku banki sangawamvere popanda iyo.

Tsopano chakudya. Mukaitana 300 phikirani 400, chifukwa pa mwambo wa munthu wodziwika mudzi wonse umabwera, ndipo sitibweza munthu. Nsima werengerani ufa wa magalamu 200 pa munthu, ndiye anthu 400 ndi makilogalamu 80. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 mukalikonola nkuliviika limatsala ufa woyera wa makilogalamu 30 kapena kuposerapo pang'ono, choncho matumba atatu akwana, lachinayi likhale la thobwa. Kukonola kuyambe masiku 10 tsikulo lisanafike kuti mphale ione nthawi yoviika ndi kuuma. Ufa wosauma bwino ukatsekeredwa m'thumba umanunkha, nsima yake anthu amangoitsina. Thobwa aphike masiku awiri mwambo usanachitike, osapitirira, likakhalitsa limasasa ndipo pa mwambo wa mpingo mudzamva zonena.

Mbuzi yachikuda yaikulu imatulutsa nyama ya makilogalamu 12 mpaka 14, yokwana anthu 70 kapena 80 ngati wodula ndi wogawa ali ndi dzanja labwino. Mbuzi zisanu zikwana, mukaonjeza nyemba makilogalamu 20 ndi kabichi mitu 40. Kabichi, tomato, anyezi ndi mbatatesi kuno ku Lizulu ndi ku Tsangano nzosavuta, gulani dzulo lake m'mawa kwa alimi eni ake. Mpunga ukhale wa alendo ochokera kutali, mafumu ndi abusa, makilogalamu 15 akwana anthu 100.

Chimene chimasokoneza si kuchepa kwa chakudya ayi, ndi kagawidwe. Malo ogawira akakhala amodzi, oyamba amadzaziridwa mbale, omaliza amapeza msuzi. Ikani malo anayi: a mafumu ndi abusa, akubanja, amayi ndi ana, abambo ndi anyamata, ndipo mphika uliwonse ukhale ndi mayi mmodzi woyang'anira amene wauzidwa chiwerengero cha anthu ake. Chakudya cha adzukulu, ophika ndi a kwaya chipatulidwe kale asanayambe kugawa. Nkhuni ngolo ziwiri, migolo ya madzi isanu ndi umodzi yodzaza usiku wake, ndi zidebe zosambira m'manja ndi sopo pa malo onse anayi.

Ndondomeko isatalike. Kumanda kupite kagulu kochepa m'mamawa, akubanja, amfumu, abusa ndi madikoni, kukavundukula chiliza ndi pemphero lalifupi. Mapemphero aakulu achitikire pa tchalitchi kapena pa bwalo, maola awiri ndi theka basi. Olankhula asapose asanu ndi mmodzi, aliyense mphindi zisanu, ndipo amayi busa afunsidwe ngati akufuna kulankhula okha kapena wina awayankhulire. Andale akabwera alandiridwe, akhale pansi ngati wina aliyense, maikolofoni ayi.

Msungichuma_wakale, Ntcheu boma

Ndigwirizana ndi amayi a ku Lizulu pa za nyumba, koma pa chakudya ndisiyana nawo pang'ono. Mbuzi zisanu ndi matumba anayi zisatuluke m'thumba la ndalama. Zimenezo zisonkhedwe monga timachitira pa maliro: banja lililonse la mu mpingo mbale ya ufa kapena ndowa ya chimanga, nthambi iliyonse imene abusawo anadzala ibweretse mbuzi kapena nkhuku. Ndalama zenizeni, makamaka zochokera m'tauni, zisungidwire zinthu zimene sizingasonkhedwe m'midzi: simenti, zitsulo, malata, kusindikiza.

Pa kasungidwe, cholakwika chofala ndi kulengeza nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi, imene amagwiritsanso ntchito pa zake. Pakatha mwezi iye mwini sadziwa kuti za mwambo ndi ziti, ndipo ngakhale ali wokhulupirika, mbiri yake imaipa. Gwiritsani akaunti ya mpingo ku banki, yosainira anthu awiri mwa atatu, ndipo osainawo asakhale a banja limodzi. Ngati foni siingapeweke, ikhale layini yatsopano ya ntchito yokhayi, yokhala ndi kope lake, ndipo ndalama zizisamutsidwira ku banki sabata iliyonse. Lamulungu lililonse werengani mu tchalitchi zimene zalowa ndi zatuluka, nkuikanso pa gulu la WhatsApp la a m'tauni. Malonjezo musawawerengere mu bajeti, werengerani zimene zafika. Simenti gulani ndalama zikangokwana chifukwa mitengo siikhazikika, koma isakhale miyezi yoposa iwiri, ndipo isanjikidwe pa matabwa, osati pa simenti ya pansi kapena kutsamira khoma, imakoka chinyezi nkuuma.

Za thumba lothandiza ana ndichenjeze. Pa tsiku la mwambo mitima imakhala yofewa, anthu amalonjeza zambiri, komiti nkulengeza kuti itenga ana 20. Chaka chachiwiri opereka atopa, ana aja asiyidwa pa Fomu 2, ndipo dzina la abusawo ndi limene limatchulidwa podandaula. Tengani mwana pokhapokha ndalama za zaka zake zonse zinayi zikuoneka, ngakhale zitatanthauza kuyamba ndi awiri. Lembani malamulo a tsamba limodzi: asankhidwa bwanji, asankha ndani, ana a mamembala a komiti aloledwa kapena ayi. Zolipira zipite kusukulu mwachindunji, risiti ibwere ku mpingo.

Komanso onani chimene malemuwo ankachita kwenikweni. Mwanena kuti ankaphunzitsa ndi manja awo kuseri kwa tchalitchi. Benchi ija ikadalipo, macheka ndi mapuleni alipo. Kugula zipangizozo kwa amayi busa pa mtengo woyenera, nkupempha awiri mwa amene anaphunzira pomwepo kuti aziphunzitsa anyamata anayi pa chaka, Loweruka lililonse, nkotsika mtengo kuposa fizi, ndipo sikudalira a m'tauni. Ofuna satifiketi mungawalozere ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito za manja, akadziwa ntchito.

Mmisiri_wa_pa_Kampepuza

Ndinaiwala za mawu a pamwala, a mlembi. Wozokota amalemba chimene mwamupatsa, zolakwika zomwe, ndipo pa granite safufuta. Mupatseni mawu otayipa pa pepala, osati pa foni kapena pakamwa, atasainidwa ndi amayi busa ndi mwini mbumba. Dzina lilembedwe monga lilili pa chiphaso cha unzika. Ngati tsiku lobadwa silikudziwika bwino, ikani chaka chokha chimene a Mphunzitsi apeza umboni wake, musapeke tsiku. Vesi lembani buku, mutu ndi ndime, monga Ahebri 13:7 kapena 2 Timoteo 4:7, chifukwa ambiri amalipiritsa pa chilembo chilichonse, ndipo pa mwala wa 40 kwa 60 ndime yonse imakakamiza zilembo kuchepa mpaka zosawerengeka. Asanayambe kuzokota akuonetseni zimene wajambula pa mwalapo, anthu awiri aziwerenge mokweza chilembo ndi chilembo, manambala a zaka kawiri.